Kama Wanga Wasanduka Kapela

Lolemba

Adziwe onse a mu Zobue, kuyambira pa chipata cha malire mpaka kuseri kwa phiri, kuti ine, mwini kwarita kalasi, kalasi yachinayi ya sukulu ya nthawi ya Apwitikizi, wokumba malasha wakale wa ku Moatize, mwini kama wachitsulo yekhayo m'dera lino, lero ndakwezedwa. Ndine mphunzitsi wa za Mulungu. Wa sabata imodzi, inde, koma ngakhale njovu inayamba ili mwana.

A Gervaziyo, katekista wathu, akwera shapa, minibasi ya kuno, m'mawa kupita ku maphunziro ku Moatize. Andisiyira:

ana khumi ndi asanu ndi atatu, onse a mamina;
buku limodzi la zithunzi lochokera ku misau, kumishoni kuja, lophunzitsa ana kupemphera;
chenjezo: "Madala, nthabwala zija muzisiye kunyumba."

Chipongwe! Ine nthabwala?

Lamulungu abwera ndi a Padiri kudzayesa anawa. Akayankha bwino, buku likhala langa mpaka kalekale, pamodzi ndi mpando wakutsogolo m'kapela. Mpando umenewo ndakhala ndikuuonera kumbuyo chibwerere kuchokera ku Malawi. Ndikuufuna. Ndalemba poyera.

Bukuli lili m'Chipwitikizi. Anawa anabadwira ku kampu ya othawa nkhondo, Chipwitikizi chawo chimathera pa "bondiya". Ndiye zithunzi zizilankhula, ine ndizingothira mchere.

Tsamba loyamba: Mulungu ali pamtambo, ndevu zoyera mbuu. Ana ayang'ana buku, ayang'ana ine, ayang'ananso buku. Sindikuvomera. Sindikukananso.

ANaphiri, akazi anga, akudutsa ndi mtolo wa nkhuni: "Mwayambatu."

Lachiwiri

Tsamba lachitatu. Kamnyamata ka tsitsi ngati ndevu za chimanga kagwada pambali pa kama, zigongono pa gombeza, manja pamodzi. Pamwamba mngelo watchera khutu.

Tsamba lachinayi: kamtsikana, pa kama.
Tsamba lachisanu: banja lonse, pa kama.
Wojambula ameneyu mphasa sanaionepo chibadwire!

Rozita, mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi, wakweza chala: "Agogo, nanga ife ogona pamphasa amatimva?"

Apa mphunzitsi wanzeru akadangoti ee. Koma lilime langa limadzuka m'mawa, nzeru zikadali mtulo. Ndikuti: "Pemphero lili ngati wailesi. Popanda chitsulo siligwira. Lapamphasa limalowa m'dothi, chiswe n'kudya."

Ndikudikira kuseka. Palibe woseka. Maso onse ali tong'o.

Kuti chete ameneyu athe, ndikuwasimbira za kama wanga. Ndinamugula ku Tete ndi thukuta la mumgodi. Nkhondo itafika ndinamusenza pamutu, kukwera phiri, kutsika phiri, mpaka ku Mwanza. Mtendere utabwera ndinamusenzanso kubwerera. Khosi ili, ana inu!

ANaphiri akutsokomola kuseri kwa nyumba. Chifuwa chawo n'chodabwitsa. Chimangobwera ndikafika pamenepa.

Lachitatu

Nditsegula chitseko m'mawa: mzere! Kuchokera pakhomo mpaka pa mtengo wa mango.

Ana a ku kampu mzere anaudziwa asanadziwe kuyenda. Anaphunzirira kumbuyo kwa amayi awo pa masiku olandira ufa. Palibe kukankhana. Wofuna kupita kuthengo akusiya mwala wosungira malo, anzake n'kumausuntha mzere ukamayenda. Boma likadaona likadachita manyazi.

Zeka, wamkulu mwa iwo, wa mano awiri otuluka: "Agogo, tabwera kudzagwira chitsulo."

Ndikadawathamangitsa. Koma kunena zoona, chiyambire sindinaonepo anthu ataima pamzere chifukwa cha chinthu changa. Ndakhala pa mpando pakhomo, ndikulowetsa mmodzimmodzi ngati msilikali wa pamalire.

Zimene ndamva zikupemphedwa pa kama wanga lero:

nsapato, ngakhale imodzi;
mbuzi ibereke atatu;
nsomba za m'chitini ngati zija za ku kampu;
aphunzitsi a kusukulu adwale, koma pang'ono pokha.

Gombeza langa: mamina, phala, matope, ndi china chimene sindikufuna kuchidziwa.

Ndiwauze kuti zinali zocheza? Mphunzitsi sabweza mawu pa tsiku lachitatu la ntchito. Ndiwauza mawa.

Lachinayi

Zafalikira ngati mphere.

Amake a Zeka afika manja ali m'chiuno: "Madala, mwamuuza chiyani mwanayu? Akukana kupemphera kunyumba. Akuti n'kudyetsa chiswe." Ena atatu ali kumbuyo kwawo ndi mlandu womwewo. Kuthokoza kuti ana ayamba kukonda pemphero, ayi. Anthu a m'dera lino!

Pakati pa ana pabuka mikangano ya chiphunzitso. Kodi khasu likuwerengedwa? Nanga njinga? Mphika? Mmodzi wapezeka pamalire atagwada pa tayala la kamiyau, chigalimoto cha katundu, atagwira chitseko, dalaivala akumukalipira m'chilankhulo chosadziwika. Amukokera kwa ine atamugwira khutu. Kwa ine! Ngati kamiyauyo ndinamuimika ndine.

Choipitsitsa. Masana afika a Sabawo, mnansi wanga, munthu wa imvi, akuti adzapale moto. Moto uli panja. Iwo alowa m'nyumba. Ndisuzumira: agwada pa kama wanga, akunong'ona za dzino lawo. Munthu wamkulu, wa zidzukulu! Potuluka akuti: "Kuyesa n'kwabwino, achimwene."

Msana ukuwawa, ndikufuna kugona pang'ono. Ndifika pakhomo panga, pa nyumba yomanga ndekha, kamtsikana kena kanditchinga ndi dzanja: "Agogo, mwala wanu uli kuti?"

Mwala wanga! Pa kama wanga!

Ndagona pansi pa mango ngati galu wa alendo. ANaphiri akupeta nyemba, phewa likugwedezeka. Akuti ndi chifuwa chija.

Lachisanu

Tsiku lakuda.

Zeka waganiza mozama. Ngati kugwada pambali pa chitsulo kumagwira, ndiye kuimirira pamwamba pake kuyenera kugwira koposa, popeza kumwamba kwayandikira. Maganizo abwino ndithu. Mwanayu adzakhala padiri kapena mkaidi.

Ine ndili kumunda kukayang'ana mbatata. Mzere wathetsedwa. Onse akwera nthawi imodzi.

Phokoso ndalimva ndili kutsidya kwa khwawa. Kama amene anapulumuka Apwitikizi, nkhondo, phiri, mvula ya ku kampu, wagonja kwa Atate Wathu mmodzi. Miyendo iwiri thyoo. Waya watuluka ngati matumbo. Ovulala: chala cha Zeka ndi mtima wanga.

Ndakalipa mpaka mawu kutha. Ndatchula mayina a makolo awo, ndi a makolo a makolo awo. Onse balalabalala.

Watsala Rozita pakona, akulira. Ndimupapasa mutu, miyendo: palibe bala. Akuti iye sanakwere. Masiku atatu onsewa wakhala akusiyira alendo malo, popeza iye ndi mwana wa pakhomo. Mwala wake ukadali panja, kumapeto.

Ndikufunsa kuti ankafuna kupempha chiyani, nsapato?

"Ababa."

Bambo ake ndi mwana wanga. Tili ku kampu anawoloka malire kubwerera kumunda wakale kukathyola chimanga, Rozita asanayambe kukwawa. Sanabwerenso. Mtendere wabwera, a ena abwera, iye ayi. Mwanayu wakhala akumupempherera pamphasa chiyambire kulankhula.

"Ndiye chifukwa chake sakubwera, agogo. Mapemphero onse aja chinadya chiswe."

Ndafufuza nthabwala m'mutu monse. Mulibe.

Loweruka

Tsiku lokonza zowonongeka.

Choyamba, kama. Ndamukokera kwa wowotcherera zitsulo wa pamalire. Wamugogoda, dzimbiri likuyoyoka. "Madala, uyu ngofuna maliro, osati moto." Wamwano! Ndamubweza. Ndaika njerwa m'malo mwa miyendo. Ndikakhalapo akulira ngati nkhumba.

Chachiwiri, ana. Ndawasonkhanitsa, ndanena kuti za chitsulo zija zinali zocheza. Sakukhulupirira! Bodza analilandira ndi manja awiri, choonadi akuchinunkhiza ngati nsomba ya dzana. Zeka: "Nanga bwanji m'buku onse ali pa kama?"

Ndatsegula masamba onse kufuna wopemphera wopanda kama. Ndamupeza kumapeto: Ambuye Yesu m'munda, atagwada pa mwala. Ndikuti onani! Kama ali kuti apa?

Zeka watembenuza tsamba. "Ndiye onani, agogo. Asilikali amugwira."

Ana a nkhondo sungawanamize pa za asilikali. Ndatseka buku.

Chatsala ndi njira ya Apwitikizi: kuloweza. Ine ndifunse, Mulungu amatimva tikapemphera kuti? Iwo ayankhe, paliponse! Tabwereza mpaka agalu a kwa a Sabawo ayamba kuuwa. Akumvetsa kapena ayi, a Padiri sadzatsegula mitu yawo.

Rozita akuyankha nawo, koma milomo yokha.

Lamulungu

Ndavala jekete la ukwati. Kapela yadzaza. A Gervaziyo atsika shapa ndi a Padiri, fumbi la ku Moatize lili m'nsidze.

Misa itatha, a Padiri aitana ana kutsogolo. Funso lawo, mwa mwayi wanga, ndi lomwe lija.

"Paliponse!" Denga la udzu lagwedezeka. Ndayamba kale kuyeza mpando uja ndi maso.

Zeka, mokweza, kuti athandize: "Bola pakhale chitsulo!"

Zatuluka zonse. Wailesi, chiswe, miyala, kamiyau. Dzino la a Sabawo latulukanso, eni ake akuyang'ana denga. A Padiri abisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Chifuwa cha aNaphiri n'chopatsirana. A Gervaziyo sakuseka. Angoti: "Madala, ndinapempha chinthu chimodzi."

Kenaka aNaphiri aimirira. Munthu amene sanapondepo m'kalasi! Salankhula kwa a Padiri, alankhula kwa ana. "Pothawa tinagona m'udzu, osayerekeza kudzutsa mutu. Ndinapemphera pakamwa pali m'dothi penipeni. Si ine ndaima panoyu?" Atembenukira kwa Rozita: "Ako onse apamphasa anafika, mwanawe. Palibe pemphero lomwe linatayika. Tsiku loyankha ndi limene sitikulidziwa, ngakhale a Padiriwa."

A Padiri avomera ndi mutu. Rozita wawayang'ana nthawi yaitali, kenaka wavomera nayenso.

Chigamulo: buku lapita kwa aNaphiri. Ndikuti koma sadziwa kuwerenga! A Gervaziyo: "Ndi la zithunzi, madala." Mpando wakutsogolo wapitanso komweko. Ine ndabwerera pa benchi yanga yakumbuyo, pafupi ndi chitseko, pomwe pamalowera mbuzi. Kwarita kalasi yonse ija!

Masana njerwa zagumuka. Kama watuluka panja, nkhuku zayamba kale kukwerapo. Zizipemphera.

Rozita wayala mphasa, wagwada, wandikoka jekete: "Agogo, inunso." Mawondo alira ngati nkhuni zouma. Tapempha chinthu chimodzi tonse awiri. Sindinathire mchere. Podzuka andikoka anthu awiri, koma zimenezo si zolemba muno.

Ndiye sabata yatha. Buku ndilibe, mpando ndilibe, kama ndilibe.

Popeza ndayamba kulapa, ndimalize. Zonse ndalemba muno n'zoona, kupatula chimodzi. Kama uja sindinamusenze ine. Kupita ndi kubwerera, phiri lonse lija, anali pamutu pa aNaphiri. Ine ndinanyamula wailesi. Inalibe ndi mapilya omwe, mabatire aja.