Nkhondo ya M'foni ya Bambo a Joyisi

Lolemba

Nandolo wauma. Mphepo ikatsika kuphiri la Michesi ukumva makoko akuthetheka m'munda, mbewu zikugwera pansi. Anzathu pano pa Nkhulambe akolola, ena ayamba kale kupuntha. Ife ayi. Amuna anga, bambo a Joyisi, ali pansi pa mtengo wa mango, foni m'manja, akulanda mayiko.

Foniyo anatumiza ndi Joyisi, mwana wathu wa ku Limbe, kuti tizilankhulana. Ndiye anaikamo sewero. Muli mapu ogawidwa m'zigawo ngati minda, chigawo chilichonse ndi asilikali ake. Iwe ndiwe Wobiriwira. Adani ako ndi Wofiira, Wabuluu ndi Wachikasu, onse akuyendetsedwa ndi kompyuta. Ukalowa m'chigawo cha mnzako foni imagubuduza madayisi. Ukalanda mapu onse wapambana. Bambo a Joyisi chiyambire sanapambaneko.

Ndawakumbutsa za nandolo. Ayankha osadzutsa mutu: "Ndikangolanda mapu onse kamodzi kokha, mayi a Joyisi, ndisiya. Mulungu akumva."

Mulungu wamva, inenso ndamva. Ndawafunsa ngati zili ndi kanthu kuti wakanikiza ndani, bola foni yalemba kuti Wobiriwira wapambana. Aseka mpaka kutsokomola. Ati zilibe kanthu. Andipatsa foni ndi manja awiri.

Dongosolo langa ndi ili:
lero kuphunzira pokanikiza;
mawa kulanda mapu;
Lachitatu tonse kumunda ndi matumba.

Ine ndalera ana, ndakwatitsa ana, gulu la amayi kutchalitchi likasokonekera amayang'ana ine. Ndingalephere kasewero?

Ndayesa koyamba. Madzi a tiyi asanawire, Wofiira wandimaliza. Sindinadziwe n'komwe kuti tayamba.

Lachiwiri

Dzuwa lafika pa sola, foni yadzaza moto. Ndasesa pabwalo mwachangu, fumbi ndangolisunthira kuseri.

Ndayamba kuwadziwa anthuwa. Wofiira ndi mbuzi. Amayenda mozungulira mpanda wako kufuna pamene pali kampata, akapeza chigawo cha asilikali ochepa, walowa. Ndagawa asilikali anga mofanana paliponse kuti pasakhale pofooka. Pafooka ponse. Wandidya.

Ndayesanso. Ndaunjika asilikali kumalire ake. Waima, wayang'ana, watembenuka kukadya wina. Ndaululutira ndekha m'khitchini! Nkhuku zathawa.

Kenako ndalakwira Wabuluu. Ndinangomulanda kachilumba kamodzi, kopanda ntchito, kakang'ono ngati chikhadabo. Wasiya zonse, wasiya kwawo kosatseka, wandilondola mpaka kumapeto a mapu. Mtima wake ndi wa malemu apongozi anga, amene anandisungira nkhani ya mphika wosweka mpaka tsiku lowaika.

Wachikasu yekha ndiye waulemu. Wangokhala pakona pake, sakhudza munthu. Ndikumumvera chisoni. Mwina kompyuta yake ndi yowonongeka.

Bambo a Joyisi opanda foni akungozungulira ngati mlendo. Akonza chitseko cha khola chimene chinagwa dzinja lathali. Ayang'ana nkhuku. Abwera kudzaima kumbuyo kwanga, mpweya wawo pakhosi panga. "Ine pamenepo sindikanalowa." Ndawafunsa kuti iwo amene sakanalowa alanda mapu angati. Achoka.

Mapu sanalandidwe. Mawa m'mawa ndithu, kenako kumunda.

Lachitatu

Bambo a Joyisi apita okha kumunda. Palibe wawatuma. Angotenga matumba n'kunena kuti pakhomo pano palibe wocheza naye.

Munthu wina anganene kuti cholinga changa chatheka, ndibweze foni. Ayi. Ndikaibweza osapambana, mawa ali pansi pa mango. Ndikuchita izi chifukwa cha banja. Ndalemba kuti ndisaiwale: chifukwa cha banja.

Wachikasu! Ine kumumvera chisoni! Nthawi yonse imene atatufe tikung'ambana, iye amangounjika asilikali pakona paja, phee. Tikatopa, tikatsala ndi mmodzimmodzi m'zigawo, ndiye amatsika ngati linthumbu. Wofiira, Wabuluu, ine, tonse kamodzi. Mapu onse chikasu ngati wathira ufa wa mgaiwa wa thandizo.

Ndamuimbira Joyisi. Moni ndamupatsa wa theka. Ndamufunsa kuti Wachikasuyu ndi ndani, amakhala kuti, ndinamulakwira chiyani.

"Amayi, mulibe munthu m'menemo," akutero. "Sakudani. Ikafika nthawi yake amangoyang'ana chigawo chilichonse n'kuwerengera: ndikalowa apa mwayi wanga ndi wotani, ndipindula chiyani, kwathu kutsala bwanji. Opanga sewero anangopatsa aliyense khalidwe lake. Wina wolusa, wina wobwezera, wina wodikira. Basi." Kenako wafunsa: "Kodi foniyo sinali ya ababa?"

Mwamwayi netiweki yathawira ku Mozambiki.

Sakundida. Ndakhala pamtondo ndikuganiza zimenezi. Munthu wokuda bola, umapita kwawo ndi nkhuku, mumakambirana. Uyu wandidya tsiku lonse ndipo sakudziwa n'komwe kuti ndilipo.

Bambo a Joyisi abwera dzuwa lili pamutu, apeza moto wozima. Awotcha okha chinangwa. Andisiyira chidutswa pambali pa mwendo wanga, ndachipeza nyerere zitachiyamba.

Lachinayi

Tsiku la msonkhano wa amayi kutchalitchi. Ndasamba, ndavala bulauzi yoyera, duku ndamanga. Ndati kamodzi kokha ndisananyamuke.

Wachikasu wanditumizira chithunzi cha manja awiri ogwirana. Akupempha mtendere. Ine! Ndavomera msanga asanasinthe maganizo. Ndachotsa asilikali kumalire ake, onse ndawatumiza kwa Wofiira. Madayisi andikonda. Chigawo, chigawo, chigawo china. Wofiira watha! Mbuzi ija yatha! Theka la mapu labiriwira ngati dimba. Ndavina ndi yunifomu ya mpingo, Ambuye andikhululukire.

Pamenepo Wabuluu ndi Wachikasu, amene sanagwirizanepo chiyambire sewero, angomvana. Onse atembenukira kwa ine. Wachikasu walowera pamalire pomwe paja ndinachotsa asilikali chifukwa cha mtendere wake. Osapepesa. Chithunzi cha manja chija changozimiririka.

Ndikudzutsa mutu, ndikumva nyimbo mumsewu. Amayi akubwerako kumsonkhano. Ine pamtondo, duku pamutu, nsapato imodzi kuphazi.

Amayi a tcheya apatukira pakhomo. "Tinaganiza kuti mwadwala, mayi a Joyisi. Takupemphererani." Maso awo atsikira pa foni. Foni yasankha nthawi yomweyo kuliza lipenga lake la ogonja. Ndati mutu ukundiwawa. Si bodza. Ati apitiriza kupemphera.

Ndamulembera Joyisi. Wayankha: "Mukakula kwambiri onse amakuukirani, anawapanga choncho kuti wina asathawe nalo sewero. Ndipo mtendere amausunga malire anu akakhala olimba basi. Amayi, nandolo mwakolola?"

Ndiye kuti ukakhala wofooka akudya chifukwa ndiwe wofooka, ukakhala wamphamvu akudya chifukwa ndiwe wamphamvu. Nanga munthu akhale wotani?

Bambo a Joyisi abwera ndi thumba losadzaza. Akuti munthu mmodzi sangapikisane ndi mphepo. Akutinso aona mapazi a mbuzi kumunsi kwa munda.

Lachisanu

Ndadzuka ndi manyazi. Lero ndikhala mkazi wapanyumba. Ndiwaphikira kalongonda, nyemba zimene amazikonda kuposa nyama. Kalongonda amafuna tsiku lonse pamoto, kuwiritsa, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, apo ayi amazunguza mutu. Mwana aliyense wa kuno amadziwa zimenezi.

Koma poti mphika ukhala pamoto nthawi yaitali, munthu sungangouyang'ana.

Nzeru yatsopano: ndikhala Wachikasu ineyo. Ndasankha kona yanga, ndaunjika asilikali, sindikukhudza aliyense. Ndadikira. Ndadikira. Kudikira n'kowawa! Chala chikungoyabwa. Wabuluu wasiya chigawo chonona pafupi nane ndi msilikali mmodzi yekha, atangoima ngati wolondera sitolo. Ndapirira kawiri. Kachitatu ndalowa.

Zotsatira zake ndikuzidziwa kale, sindilemba. Wachikasu chala sichimuyabwa. Alibe chala.

Madzi a kalongonda ndinataya? Ndikukumbuka ndikutaya. Kapena ndikukumbuka ndikuganiza zotaya.

Bambo a Joyisi abwera ndi njala ya kumunda. Aona kalongonda, nkhope yawala, ati, "Mwabwerera, mayi a Joyisi." Adya mbale yonse, awonjezera. Ine sindinadye, manja anali otanganidwa.

Pasanapite nthawi akuti mtengo wa mango ukuyenda. Aimirira, akhala pansi, aimiriranso. Ayamba kulankhula ndi tambala m'Chilomwe, chinenero chimene sanachigwiritse ntchito chimwalirire amayi awo. Kenako kuseri kwa nyumba, kusanza.

Apa ndaopa zenizeni. Foni ndaiponya pamphasa. Ndawagwira mutu, ndawamwetsa madzi, ndawapukuta thukuta ndi chitenje changa. Manja awo ozizira, okhakhala ndi makoko a nandolo amene akhala akuthyola okha kuyambira Lachitatu. Ndalira. Ndati akapanda kuchira ndikawauza chiyani ana, kuti bambo anu anafera Wabuluu?

Dzuwa likupendeka, mtengo wa mango waima. Atsegula maso, andiyang'ana nthawi yaitali. "Ine ndinkangosiya nandolo," atero. "Inu mukufuna kundisiyitsa moyo. Mawa ndikukatenga atsibweni anu."

Atsibweni, mchimwene wa malemu amayi anga, ndiwo ankhoswe athu. Chikwatiwire sindinaitaniridwepo ankhoswe. Ndipo mlandu wake ndi uwu.

Loweruka

Atsibweni afika pa njinga, jekete lakuda, thalauza lomanga ndi mphira kuakakolo. Ndi mkulu wa mpingo, munthu amene sindinamuonepo akuseka, ngakhale pa ukwati wake akuti sanaseke. Ndayala mphasa, ndagwada patali.

Bambo a Joyisi afotokoza zonse. Moto wozima. Msonkhano wa amayi. Kalongonda. Za masabata awo a pansi pa mango adumpha, koma ine ndilibe pakamwa powakumbutsira.

Atsibweni apukusa mutu. "Mwana wa mlongo wanga, wandichititsa manyazi. Chinthucho chili kuti? Ndichione."

Ndapereka. Avala magalasi. Ayang'ana nthawi yaitali. "Wofiirayu ndi ndani?"

Bambo a Joyisi ayamba kufotokoza, koma akulakwitsa. Akuti Wofiira amalowa paliponse. Ndati pepani, salowa paliponse, amalowa pofooka. Ndasendera pafupi. Ndawaonetsa atsibweni pokanikiza, kuti amvetse bwino mlandu.

Mthunzi wachoka pamphasa, tasuntha mphasa. Wachokanso, tasunthanso. Mlandu sunatchulidwenso. Jekete avula. Ndamva ndi makutu anga mkulu wa mpingo akunena kuti, "Iwe galu iwe," kwa Wabuluu.

Kenako: "Wachikasuyu akundipempha mtendere. Ndivomere?"

Ine ndi bambo a Joyisi takuwa pamodzi, "Ayi!" Koyamba kugwirizana sabata ino.

Ati munthu wa Mulungu sakana mtendere. Avomera. Lipenga lalira.

Avala jekete, atsokomola, agamula. Chinthu ichi ndi chiphe m'banja. Achisunga kwawo mpaka mitima yathu itakhazikika. Aika foni m'thumba la mkati, akwera njinga. Afika pamsewu, abwerera. Aiwala chingwe chotchajira.

Tapita kumunda awiri. Mbuzi zadutsamo kumunsi konse. Kumtunda makoko ambiri ali pululu, nandolo ali m'dothi. Tagwada, tikutola imodziimodzi ngati nkhunda.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo kwenikweni. Amayi a tcheya andigwira dzanja nthawi yaitali, andifunsa za mutu. Nkhani ya kalongonda yafika kale, amuna akuwapatsa bambo a Joyisi moni wa munthu wobwera kuchipatala.

Atsibweni ndiwo amayenera kuwerenga mawu lero. Mpando wawo uli wokha. Abusa adikira, ayang'ana kukhomo, awerenga okha. Potuluka akazi a atsibweni andidutsa osandipatsa moni, kenako abwerera. "Munawapatsa chiyani amuna anga? Chakudya chazizira patebulo, iwo akukalipira munthu wachikasu." Ndati pepani.

Popemphera ndikatseka maso ndikuona mapu.

Zomwe zatsala:
nandolo wosakwana kugulitsa, wongokwana kutikumbutsa;
foni kulibe, Joyisi aziganiza kuti tafa;
mbiri yanga m'mudzi;
mapu osalandidwa.

Madzulo takhala pamphasa tikusankha nandolo wotola uja, kuchotsa miyala. Ndikuyang'ana mbali ya bambo a Joyisi, ndikuona sakusankha. Aika nandolo m'timilumilu, pakati ajambula mizere ndi khala. Woyera mbali yawo, wamawangamawanga mbali yanga. Atulutsa chitsekerero cha botolo m'thumba, akuti chikagwa chagada walowa, chikagwa chafufumimba wabwerera. Osandiyang'ana ati, "Yambani ndinu."

Ndayang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu. Ndayamba.

Andidya. Anakhala pakona pawo phee mpaka ine nditatha mphamvu. Koma mdani uyu bola, ndikhoza kumumana ndiwo.