Thobwa la Apongozi ndi Mano Anga

Linali Loweruka, 2 koloko masana, pachinkhoswe cha mlamu wanga ku Area 25, pamene ndinalavulira thobwa pachitenje cha apongozi anga. Dikirani kaye, ndifotokoze.

Ine ndine wamanyazi, ndikamaseka ndimatseka pakamwa ndi dzanja. Chibadwire mwana wanga Yankho, mano anga anayamba chikasu (mimba yonse ndinkangokhalira malambe ndi bwemba, musandiweruze). Nditamva kuti kuchinkhoswe kudzakhala wojambula, ndinatsimikiza mtima kuti ulendo uno ndiseka pachithunzi.

Amake Tadala, mnzanga wa pampopi kwathu ku Mgona, anandiuza njira. "Asisi, mandimu ndi soda wa therere basi. Kwechani m'mawa ndi madzulo, mudzandithokoza."

Ndinakwecha. Mano atayamba kuyayamira, ndinati mankhwala akugwira ntchito. Ndinawonjezera makala osinja. Kamphepo kakalowa m'kamwa ndinkachita kudumpha, koma ndinakagulanso mswachi wolimba, uja mungachapire nsapato.

Tsikulo apongozi anandiitana pamaso pa azimayi onse. Thobwa lawo amalinyadira kwambiri, ndipo anali ataliviika m'chidebe cha ayezi.

"Amake Yankho, lawani inu poyamba, muwauze anthuwa."

Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, ndinamwa. Mayo ine! Zinali ngati wina wandibaya masingano m'mano onse. Thobwa lija linabwerera lonse, pachitenje chawo chatsopano.

"Kodi ndathiramo chiyani ine?" anafunsa apongozi. Azimayi ena anayamba kuika makapu awo pansi mwakachetechete.

Ndinathawira kuseri kwa nyumba. Kumeneko anandipeza azakhali a amuna anga, amene amagwira ntchito kuchipatala cha mano. Ndinawauza zonse, iwo n'kundiyasamulitsa ngati mbuzi ya pamsika.

"Mwana iwe, dzino lili ndi chigoba cholimba pamwamba. Zowawasa zimachifewetsa, iwe n'kumachipala ndi makala! Chikamaperepeseka ndiye chikasu cha m'kati chimaonekera. Chomwe chapita sichimeranso, koma chotsalacho chimalimba. Malovu ako omwewa amachikonza ukawapatsa mpata. Gula mswachi wofewa ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fulorayidi, wolimbitsa chigobacho. Ukatsuka, lavula koma usachukuche. Ukadya zowawasa, chukucha ndi madzi, mswachi udikire kaye."

Pachithunzi ndinatuluka nditatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

M'mawa mwake ndinabereka Yankho n'kukwera minibasi ya ku Area 25. Apongozi ndinawapeza akuchapa chitenje chija, ndipo moni wanga anangouyankha ndi mphuno. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinafotokoza za mandimu ndi makala, kenaka ndinayasamula kuti adzionere okha (ine amene sindionetsa mano ngakhale kwa amuna anga).

Anasuzumira nthawi yaitali. "Ndiye si thobwa langa?"

"Ayi amayi. Ngati latsala ndipatseni, koma liyambe lakhala padzuwa."

Ndinamwa makapu awiri pakhonde, pamene anthu opita kutchalitchi ankandiona bwinobwino.