Nkhondo ya Mthunzi wa Mango ku Nabvutika

Tcherani khutu, inu a m'zigwa ndi m'mapiri a Chipata, mumve za chaka chija mafuta a galimoto anakwera katatu mvula isanagwe, pamene amuna olimba mtima ankatsika mitsetse atazimitsa injini. M'masiku amenewo ku Nabvutika kunali mtengo wa mango pamalire a nyumba ziwiri, ndipo mthunzi wake unkakwana galimoto imodzi yokha.

Kuvuma kwa mtengowo kunkakhala Asmani Chigwiragiya, mwini sitolo ya nsalu, amene phazi lake linkaponda mafuta ngati likuopa kuwadzutsa. Kuzambwe kunkakhala Whiteson Mzimitsainjini, kalaliki wopuma pantchito, amene sanaimbepo hutala poopa kuti nayonso imamwa petulo. Atalimbirana mthunziwo miyezi isanu ndi umodzi, analumbira pamaso pa akazi awo kuti galimoto yosamwa mafuta kwambiri ndiyo idzagona pansi pa mango mpaka muyaya.

Pankhondo yoyamba Asmani anapita ku Mtenguleni mbandakucha, kunja kukuzizira, mphepo ikumukankha kumsana. Whiteson anakwera zitunda za ku Tamanda dzuwa lili paliwombo, mawindo ali pululu, matayala ali ofooka, ndipo anabwerako atagonja.

"Aneba, chotsani chigalimoto chanucho pamthunzi wanga!" anafuula Asmani.

Koma panaimirira Getrude, mkazi wa Whiteson, mphunzitsi wa sayansi, Mwinichoko amene ana a giredi naini ankanjenjemera akamva nsapato zake.

"Bambo a Shifa, simunayese magalimoto. Mwayesa mphepo ndi phiri," anatero kwa Asmani. "Mubwereze. Msewu umodzi, ola limodzi, kupita ndi kubwerera, kuti mtsetse ndi chitunda zilipirane. Mudzaze papampu imodzi mpaka izime yokha. Mpweya wa m'matayala ufanane, mawindo otseka. Ndipo musanyamule munthu, ngakhale nkhuku."

Loweruka m'mawa ankhondo awiriwo anatuluka, atachotsa m'magalimoto jeke, makapeti ndi ambulera, ndipo Whiteson anakana ngakhale tiyi kuti thupi lipepuke. Anafika ku Mtenguleni bwinobwino, natembenuka, Whiteson patsogolo, Asmani pambuyo.

Pobwerera m'pamene tsoka linaima m'mbali mwa msewu litavala duku lofiira. Anali amake a Getrude, apongozi a Whiteson enieni, ali ndi matumba atatu a mtedza ndi mbuzi pachingwe, akubwera kudzaona zidzukulu osauza munthu. Ataizindikira galimoto ya mkamwini wawo, anatukula dzanja mosangalala.

Ha, mtima wa ngwazi! Whiteson anaona apongozi, anaonanso mthunzi wa mango m'maso mwa mtima wake. Anawerengera matumbawo, anawerengera mbuzi, anawerengera ndi mayiwo, amene sanali ochepa thupi. Ndipo anatsetsereka pampando mpaka chipewa chokha n'chimene chinkaoneka pachiwongolero, nadutsa.

Asmani anafika pamalopo nkhope itagwa, pakuti chiyambire dziko sanadutsepo mayi wachikulire pamsewu. Anaponda buleki, nalira m'mtima.

"Kwerani, amayi. Mbuzi ikhale kumbuyo."

"Zikomo, mwanawe. Tsegulanso mawindo, muno mukutentha ngati mu uvuni."

Mawindo anatsegulidwa onse anayi, ndipo sayansi inatulukira pomwepo.

Papampu paja chiweruzo chinamveka poyera: ya Whiteson inamwa malita asanu, ya Asmani asanu ndi limodzi ndi theka. Whiteson anafika kunyumba akuvina, nalankhula kwa khamu limene linasonkhana pansi pa mango.

"Anthu a Nabvutika, lero mbiri yalembedwa! Ana a ana anu adzanena kuti..."

Chitseko cha galimoto ya Asmani chinatseguka. Inayamba kutsika ndi mbuzi.

"Getrude, mwana wanga," anatero mayiwo akukonza duku, "galimoto ya amuna ako yayamba kuyenda yokha? Yandidutsa pamsewu ikuyendetsedwa ndi chipewa."

Getrude anayang'ana mwamuna wake monga amayang'anira mwana wobera mayeso.

"Bambo a Charity, mpikisano wafa. Katundu sanafanane. Zotsalazo tikambirana m'nyumba."

"Ndiye mthunziwu ndi wa ndani?" anafunsa Asmani ndi chiyembekezo.

"Mthunzi uti? Uwu?" anatero mayiwo, akuyala kale mphasa. "Wabwino zedi. Ndisendera pano mtedza wanga. Ndikhala mpaka Khirisimasi."

Mbuzi inamangidwa patsinde, ndipo nkhondo yaikulu ya Nabvutika inathera pomwepo. Pangano la mtendere linasindikizidwa madzulo omwewo ndi Fanta imodzi yogawana, ngwazi ziwirizo zitakhala pa njerwa, zikusenda mtedza wa apongozi, Whiteson matumba awiri, Asmani limodzi mwachifundo chabe. Magalimoto onse awiri anaima padzuwa, mbali ndi mbali, akupsa mofanana.

Getrude anatuluka, nagwira denga la iyi, nagwira la iyo, nagwedeza mutu mokhutira.

"Mwaona? Tsopano zonse zafanana. Mukhoza kuyesanso."

Inayankha ndi mbuzi.