Tsiku limene ndinakwera wilibala

Ana anga amadziwa kuti ndinali kapitawo wa msewu zaka za Chitaganya, ndipo amanyadira. Chimene sadziwa n'chakuti tsiku limene gulu langa linagwira ntchito yotamandika, ine sindinanyamule ngakhale mwala umodzi.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, Sitandade sikisi ili m'mutu, kabudula wakhaki wosita bwino. Anandipatsa anthu asanu oti tizisamala msewu wafumbi wotsika m'mapiri a Dowa kulowera ku Chezi. Onse asanu anali a msinkhu wa bambo anga. Wamkulu wawo anali a Mbewe, amene anamenyako nkhondo kutsidya kwa nyanja, ndipo ndikamalankhula ankandiyang'ana ngati nkhuku yolowa m'tchalitchi.

Ntchito sinkayenda. Mafosholo analipo atatu, piki imodzi yogwedera, mitima ya anthu ili kuminda kwawo kumene fodya ankadikira kupalira. Kenaka mvula ya Januwale inakokolola kamlatho ka mitengo. Mzungu woyang'anira misewu anatiuza mosapsatira kuti akabwera Lachisanu la sabata yotsatira n'kulephera kuwoloka ndi galimoto, tonse tipite kumudzi, abweretse gulu la ku Mponela. Mantha anandigwira kwambiri, chifukwa ndinali nditangofunsira mbeta ndipo akuchikazi ankandiwerengera chifukwa cha ukapitawo womwewo.

Ndinayamba ndi wezulo. Ndinkaimba polowa ntchito, popuma, ngakhale munthu akaima kuti akande msana. A Mbewe anatsamira fosholo nati, "Akapitawo, kodi mpira wayamba?"

Mawa lake ndinawasonkhanitsa pansi pa mtengo wa msuku n'kuwalalikira za kuipa kwa ulesi pafupifupi ola lathunthu (ndine mwana wa mkulu wa mpingo, zolalika sindichita kuphunzira). Anavomera bwino, wina mpaka anati ame. Atadzuka anapempha kuti apumeko kaye, poti kumvetsera kunawatopetsa.

Apo m'pamene ndinakumbukira dima. Kwathu munthu akalemedwa ndi munda amaitana anzake, amalima akuimba, pomaliza n'kumwa. Ndinapita kwa mayi wina wa m'mudzi wapafupi, a Nachisale, n'kuwapempha kuti atikonzere chakumwa cha dima cha Lachinayi. M'mutu mwanga munali thobwa. Kwathu mowa sunkalowa m'nyumba, ndipo ine ndinali ndisanaulawepo chibadwire. Koma mawu akuti thobwa sindinawatchule, ndinangoti dima.

Lachinayi m'mawa mtsuko unafika. Cholakwa chachiwiri ndinachichita pomwepo: m'malo modikira kuti ntchito ithe, ndinati timwe kaye kuti tipeze mphamvu. A Mbewe anakana mwaulemu.

"Ife timwa tikamaliza, monga mwa mwambo. Koma eni dima ndiwo amayamba kulawa, kuti tidziwe kuti mulibe choipa."

Ndinali ndi chimfine cha mvula ija, mphuno zitatsekeka. Ndinamwa chipanda choyamba. Ndinangomva kuwawasa pang'ono, n'kuganiza kuti a Nachisale anaumira chimera. Ndinamwa chachiwiri kuti nditsimikize. Chachitatu ndinamwa chifukwa ndinali nditayamba kuwakonda kwambiri anthu anga.

Zotsatira zake ndimazikumbukira mwapatalipatali. Akuti ndinavula nsapato n'kulowa m'madzi kuti ndiwaonetse kaikidwe ka mtanda wa mlatho. Akuti ndinawakumbatira a Mbewe n'kuwauza kuti ndimawaopa kuposa mzungu. Akutinso ndinayambitsa nyimbo ya kusukulu ya Sande, ndikuvina mavinidwe amene kusukulu ya Sande saphunzitsa. Atatopa nane anandikweza pa wilibala n'kukandiimika pamthunzi, chipewa chili kumaso.

Ndinadzidzimuka dzuwa litapendeka, ndikumva kulira kwa galimoto. Mzungu uja sanadikire Lachisanu. Ndinayesa kudzuka, wilibala n'kupendama, ndipo ndinaona kuti ndi bwino kungokhala momwemo. Ndikusuzumira pansi pa chipewa ndinaona zimene sindinakhulupirire: kamlatho kataima, mitanda itagona bwino, dothi litatsenderedwa. Galimoto inawoloka, n'kubwerera, n'kuwolokanso.

Mzungu anatsika n'kundiloza. A Mbewe anaima chilili ngati pa perete.

"Malungo, bwana. Akhala m'madzi kuyambira m'mawa. Tinawaletsa koma sanamve."

Mzungu anagwedeza mutu, nandisiyira mapiritsi awiri a kwinini, ndipo ananena kuti akufuna makapitawo ambiri otere. Ndinameza mankhwalawo iye akuona. Kuwawa kwake ndinakulandira ngati chilango choyenera.

Galimoto itapita, anthu anga anakhala pansi kuzungulira mtsuko. A Nachisale, amene anabwera kudzatenga chipanda chawo, ndinawafunsa ndi mawu ofooka chifukwa chimene sanaphikire thobwa.

"Dima la thobwa munalionapo kuti, bambo? Amuna asanu akuluakulu awa?"

Ndinatembenukira kwa a Mbewe. Manyazi anali atandigwira mpaka m'mafupa, komabe ndinkafuna kudziwa mmene anamalizira tsiku limodzi ntchito imene inatikanika sabata yonse.

Anapukuta pakamwa pang'onopang'ono. "Milatho tinayamba kumanga inu musanabadwe, akapitawo. Ntchitoyi ifenso timaifuna, tili ndi ana. Chimene chinkasowa ndi mpata basi. Lero munatipatsa."

Ndinakhala nawo zaka zina zitatu, ndipo gulu lathu silinaopsezedwenso. Ndikanakonda kunena kuti ndinasinthiratu, koma pakamwa pa munthu wophunzira sipatsekeka msanga. Kungoti ndikayamba kulongosola motalika mmene agwirire fosholo, a Mbewe ankafunsa mwaulemu wonse, anzawo akuyang'ana pansi:

"Akapitawo, kodi simukumva ludzu?"