Makobidi Awiri pa Singano ya Madala

Nyumba ina ku Falls Church, kutsidya kwa nyanja kuno, ili ndi kapepala pakhoma kamene kanamatidwa chifukwa cha ine. Kamati, "Osakhudza." Manyazi ndili nawo, koma pang'ono chabe.

Ndimasamalira madala ena achizungu amene anachita sitiroko. Kulankhula kumawavuta, koma ali ndi mbale za galamafoni zodzaza chipinda, zambiri za gulu limodzi la anyamata a tsitsi lalitali aja, a magitala olira ngati chigayo. Amazisunga ndi mwana wawo Kevin. Mbale amaigwira m'mbali mokha, atavala magolovesi (ine magolovesi ndimavala posambitsa bambo akewo, iye popukuta mbale).

Tsiku lina masana madala analoza mbale ina, ine n'kuiika. Nyimbo itafika pakati, singano inakakamira pamalo pokalika, mawu omwewo kubwereza-bwereza. Madala anangozolika. Ndinaona kuti nyimboyo yakhala ikuwathera pomwepo zaka zambiri, ndipo zinandimvetsa chisoni.

Apa m'pamene mwana wa ku Ndirande anadzuka mwa ine. Bambo anga anali ndi gumbagumba, ndipo pa maukwati a m'dera lathu woika mbale ndinali ineyo. Ndinauzira mbaleyo, fuu! Ayi. Ndinaipukuta ndi malaya a yunifolomu. Ayi ndithu. Ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kusisita singano (musandiyang'ane choncho, tonse tinkatero). Kenako ndinapisa m'thumba, n'kusanjika khobidi pamutu pa singanoyo kuti ilemere. Inakakamirabe. Ndinaonjezera lachiwiri, lalikulupo.

Chitseko kwee! Kevin.

"Mukutani?" Nkhope psuu ngati phwetekere. "Singano imeneyo ndinachita kuitanitsa kunja! Mbaleyo ndi ya zoyambirira kutuluka, sipezekanso!"

Ndinafutukapo msanga. Ntchito yatha basi. Ndinayamba kale kukonza zokawauza mayi a ana ku Woodbridge komwe timakhala.

Koma nthawi yomweyo singano inawoloka pokalika paja, magitala n'kupitiriza ulendo. Madala anatsinzina, n'kuyamba kuimba. Kuimba zenizeni, mawu onse, munthu woti kupempha madzi kumamutengera tsiku! Kevin anatambasula dzanja kuti achotse makobidi aja, madala n'kumumenya padzanjapo, phaa!

"Siya," anatero.

Tinamvera mpaka kumapeto, Kevin akupukuta m'maso ndi mkono. Ine ndinangoima potero, manja kumbuyo, chifuwa patsogolo. Ndinanyada, sindinama.

Ntchito sinathe. Koma m'mawa mwake ndinapeza kapepala kaja, singano atasintha (akuti yakaleyo ndinaipinda, ine ndimati inali itakalamba kale). Ndinapepesa mwaulemu, ndipo ndinalonjeza kuti za eni sindidzagwiranso.

Lonjezolo ndimalisunga ndithu, Kevin akakhalapo. Koma galimoto yake ikangotuluka, madala amandiyang'ana, n'kufumbatula dzanja labwinolo. M'menemo mumakhala makobidi awiri.