Tsiku limene ng'ombe zinandichotsa pa msonkhano wa akazi anga

Mpaka lero ana a kusikimu ya mpunga kwathu akandiona amayamba kulira ngati ng'ombe. Sindiwakalipira, chifukwa ndikudziwa kumene zinachokera. Bola ndikufotokozereni ndekha musanaimve kwa alamu anga a Zuze, omwe amaikokomeza nkhaniyi mpaka kuikamo ng'ona.

Kwathu kwa Lundu ine ndinkadziwika kuti ndine munthu wotsogola. Pulogalamu ya pawailesi ya za ufulu sinkandiphonya. Pabawo anzanga akayamba kunyoza akazi, ndinkawadzudzula mpaka masewera kuima. Ndinalinso ndi tisheti yolembedwa za ufulu wa amayi, yomwe ndinalandira kumsonkhano wina kuboma (ndinangopitako m'malo mwa munthu amene anadwala, koma zimenezo sindinkazitchula).

Chaka chimenecho madzi anasefukira n'kukwirira malire a ndime musikimu yathu ya mpunga. Pogawanso, amayi amasiye angapo anangoona ndime zawo zili m'manja mwa abale a amuna awo. Komiti, yomwe inali ya amuna okhaokha, inati munda umatsata dzina la mwamuna. Chisankho cha wapampando wa komitiyo chitayandikira, amayi aja anabwera kwathu kudzapempha akazi anga, amake Rute, kuti aime nawo.

Ndinasangalala kuposa eni ake. Komabe ndinali ndi nkhawa. Amake Rute ndi munthu wofatsa, pakhomo mawu awo ndi owerengeka. Wopikisana nawo anali bambo Alufandika, munthu woti akatsokomola pamaliro aliyense amakhala chete.

"Musadandaule," ndinawauza. "Ine ndikayamba, ndikawafewetsa anthuwo. Inu mukangomalizitsa."

"Bambo a Rute, ine ndikhoza kuyankhula ndekha."

"Ndikudziwa, ndikudziwa. Koma ndale zili ndi kayendetsedwe kake."

Anangondiyang'ana n'kupitiriza kupeta mpunga.

Tsikulo dzuwa linali lija la kuno kuchigwa, loti ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pamthunzi. Anthu anadzaza pansi pa mitengo pafupi ndi ngalande yaikulu. Ine ndinavala tisheti ija, ndipo ndinali nditabwereka chimkuzamawu kutchalitchi. Bambo Alufandika anayankhula ali chiimire pansi, anthu n'kuwomba m'manja. Ndinaona kuti ife tikufunika malo okwera. Chapafupi panali ngolo ya a Zuze, ng'ombe zake ziwiri zili pagoli.

"Alamu, dikirani ndizimasule kaye," anatero a Zuze.

"Zisiyeni, sindichedwa." (Amene amandidziwa akuseka kale pamenepa.)

Ndinakwera, n'kuyamba ndi mbiri ya ufulu wa anthu. Ndinafotokoza za malamulo oyendetsera dziko. Ndinafotokoza za msonkhano wa kuboma uja, ndi zomwe tinadya. Anthu anayamba kudzikupiza ndi mipango. Kenaka ndinafika pa mawu omwe ndinawakonzekera sabata yonse. Ndinadziguguda pachifuwa n'kunena kuti: "Amuna ambiri sakanalola. Koma ine, monga munthu wozindikira, ndawalola akazi anga kuti aime!"

Ndinadikira kuti awombe m'manja. Kunali zii.

Amene anaimirira anali a Nyamphinga, mmodzi wa amasiye olandidwa ndime, mayi wachikulire wa mawu akuthwa.

"Mwawalola?" anafunsa. "Malamulo mwatiwerengerawo, pali pamene analemba kuti mkazi akayambe wapempha kwa inu?"

Amayi anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Ine ndinafuna kukonza mawu anga msanga, ndiye ndinapotokola kabatani ka chimkuzamawu kuti ndimveke pamwamba pa phokosolo. Chinthucho chinalira mluzu woboola m'makutu, ndipo kukamwa kwake kunali kutaloza pamakutu a ng'ombe.

Zomwe zinatsatira ndimazikumbukira mwa zidutswa. Ngolo inanjanja. Ndinakhala pansi mosafuna. Mitengo inayamba kuthamanga. Ndinamva a Zuze akukuwa maina a ng'ombe zawo, ine ndikukuwanso, koma m'chimkuzamawu, zomwe zinangoziwonjezera liwiro. Sitinapite patali. Tayala linagunda m'mphepete mwa ngalande, ngolo inapendekeka, ine n'kuuluka kudutsa pachitsamba cha minga mpaka kukatera m'matope ofika m'chiuno. Ng'ombe zinapitirira ndi ngolo yawo. Chimkuzamawu chinamira.

Msonkhano wonse unali utaimirira. Ndinaganiza kuti basi, ndawaphera akazi anga chisankho, ndipo amasiye aja ndime zawo zapita chifukwa cha ine. Pamenepo ndinamva mawu a akazi anga kuchokera pansi pa mitengo.

"Bambo a Rute! Muli moyo?"

"Ndili moyo!"

"Mwathyoka?"

"Ayi!"

"Ndiye bakhalani pomwepo."

Anthu anaseka, koma kuseka kusanathe amake Rute anali atayamba. Analibe chimkuzamawu, sanakwere pachilichonse. Ine ndili m'ngalande ndinkamva liwu lililonse.

"Madzi atapita, ndani anafukula mchenga m'ngalandezi? Amene munagwira khasu, kwezani manja tiwaone." Ndinasuzumira pakati pa udzu. Manja anakwera ambirimbiri, ochuluka a amayi, zikhatho zokhakhala ngati khungwa. "A Nyamphinga alima ndime ija zaka zonse zimene amuna awo ankadwala. Mpunga wake ena a inu munaudya pamaliro. Lero mukuti ndimeyo siikuwadziwa? Malamulo a dziko lino amati mkazi ali ndi ufulu wokhala ndi chuma chake ngati mwamuna. Sanati mkazi yekhayo amene mwamuna wake akupuma."

Kenaka anatembenukira kumene kunakhala amuna, n'kusintha chiyankhulo. Anayamba Chisena, chija cha kwa amayi awo ku Nsanje, chomwe ine ndinkangochimva akamakalipira nkhuku. Anatsitsa mawu. Anawafunsa abambowo mmodzimmodzi, powatchula maina a ana awo, kuti tsiku limene iwo adzagone kumanda akufuna anawo azikadya kuti. Sananyoze munthu. Ngakhale bambo Alufandika anawatchula mwaulemu, n'kuwathokoza chifukwa cha mlatho wamitengo umene anamangitsa.

Kunali bata loti ndinkamva madzi akudutsa m'miyendo mwanga. Bambo wina wachikulire anavula chipewa. Mkazi wangayu ndakhala naye nyumba imodzi mpaka mwana wathu woyamba kufika sekondale, koma ndinkamumva ngati mlendo wochokera kutali, wa mtundu uja anthu amayenda mtunda kukamuona. Ndinaiwala minga. Ndinaiwala kuti nsapato imodzi yatsala pansi pamatope. Pakamwa panga panali pongoyasama (ndipo kwa nthawi yoyamba sipankatuluka kanthu).

Atamaliza, a Nyamphinga anayamikira mofuula m'Chisena kuti, "Pyadidi!" Nthungululu zinasweka.

Kuvota kwake kunali koima pamzere kumbuyo kwa munthu amene ukumufuna. Ndinatuluka m'ngalande ndikutsimphina n'kukaima kumapeto kwenikweni kwa mzere wa akazi anga, ndipo kuti ndikafike kumapetoko ndinayenda ndithu. Kutsogolo kwanga kunali amuna omwe ndinkakangana nawo pabawo. Mmodzi anatembenuka, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato.

"Achimwene, mukanagwa msanga tikanapita kale kunyumba."

Amake Rute anapambana. Mwezi usanathe, a Nyamphinga ndi anzawo anali akuwokera mpunga m'ndime zawo.

Koma madzulo a tsiku lachisankholo, wapampando watsopano anandigoneka chafufumimba pamphasa n'kumandizula minga kumsana ndi pini. Ndinapirira kwa kanthawi, kenaka ndinafunsa chomwe chinkandivuta.

"Amake Rute, kuyankhula kotere munakuphunzira liti?"

"Ndimayankhula chonchi masiku onse," anatero, akuzula ina. "Kungoti nthawi imeneyo inu mumakhala mukuyankhulanso."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafotokozere bwinobwino kuti kumvetsera ndi mbali yofunika kwambiri ya ufulu, ndipo ndinali ndi mfundo zinayi. Pini inalowa mozama pang'ono. Ndinatseka.

Masiku ano ndikuphunzira kukhala chete. Ndimakwanitsa mpaka nthawi ya chakudya chamasana.