Thadzi la Chinkhoswe Lameza Jeti Yanga

Lolemba

Lero ndiye lero! Ulalo wamitengo uja wapitanso ndi madzi, mtsinje wasefukira mpaka kudambo. Opita ku Milepa akuwoloka pa boti la amalume, lopalasa ndi nkhafi. Nkhafi! Masiku ano! Chikhalirecho injini ili gone m'nyumba.

Amalume anabwera nayo kuchokera ku Chilwa atasiya usodzi, ine ndili kamwana. Ili kuseri kwa matumba a nandolo, yofunditsidwa chiguduli. Akuti inatha mphamvu: imalira bwinobwino, koma ukangoiwonjezera moto imatsamwa n'kuzima.

Ndawauza kuti ndiikonza. Akuti, "Mphwanga, digiri yako ija ndi ya injini?" Ayi, ndi ya zamalonda. Koma foni ndili nayo.

Dongosolo:
1. Injini ikhale itakonzeka pofika Lachitatu.
2. Loweruka, pa chinkhoswe cha mchemwali wanga Agnesi, akuchimuna onse ochokera kutsidya awoloke pa injini. Ndamulonjeza kale Agnesi. Iye wauza alamu a Pitala, omwe akudzamukwatira, ndipo alamu auza mudzi wawo wonse.
3. Chaka chamawa maboti atatu, dzina langa m'mbali mwake.

Zaka ziwiri ndikungolemba makalata ofunsira ntchito. Zakwana!

Lachiwiri

Ndamangirira injini pamgolo wodzaza madzi. Koka chingwe, koka, koka. Phewa lawawa, koma yalira! Utsi bwalo lonse, galu wathawira kwa aneba. Ndiwonjezere moto: bwu, bwu, bwu... zii.

Zomwe ndaona:
- Pulagi ndi yakuda bii. Ndaipala.
- M'chivundikiro muli chisa cha mavu. Andiluma awiri.
- Pansi pa thanki pali madzi ndi dzimbiri. Ndatsuka, ndathira petulo watsopano wosakaniza ndi oyilo.

Ndailizanso. Bwu, bwu, zii.

Munthu wa m'vidiyo ya pafoni akuti zikatere ndi kabuleta, kaja kamasakaniza petulo ndi mpweya. Amalume ali pampando, akusenda chinangwa. Osatukula n'komwe mutu akuti, "Ndi kabuleta ameneyo." Ankadziwa kuyambira m'mawa! Ndawafunsa chomwe amakhalira chete. "Sunandifunse."

Lachitatu

Kabuleta ndamumasula. M'katimo petulo wakale anauma ngati phula, choyandama chotsekera petulo chinamatirira, gasiketi, kapepala koletsa kudontha, yang'ambikira m'manja mwanga. Ndipo wolakwa ndamupeza: jeti. Kachitsulo kachikasu, kofanana ndi njere ya chimanga, kokhala ndi kabowo kodutsa petulo. Kabowoko katsekeka. Ndakatokosa ndi kawaya ka buleki ya njinga, ndasuzumira kudzuwa, kuwala kwaoneka! Ndavina ndekha pakhonde.

Wa pafoni uja akuti tizitsulo tonse tiike m'thireyi yoyera. Thireyi tilibe. Ndatenga lichero lakale lopachika pakhoma.

Ine sindimalidziwa lichero limenelo. Nkhuku zimalidziwa. Ndi lija amayi amaziwazira misere m'mawa uliwonse. Ndangoliika pansi kuti nditenge sipanala, zonse khamu! Ndakuwa, ndaziponyera nsapato.

Kuwerenga: choyandama chilipo. Kasingano kalipo. Masikuluwu anayi alipo. Jeti palibe. Thadzi loyera laima poteropo, latambasula khosi, likumeza ndi mtima wonse.

Thadzi loyera lija! La chinkhoswe! Loweruka amalume, monga nkhoswe ya Agnesi, akalipereka kwa akuchimuna, iwo n'kutipatsa tambala. Amayi analisankha mwezi watha ndipo limadya palokha ngati mlendo.

Ndangotchula mpeni, monong'ona. Amayi: "Ukalikhudza thadzi limenelo, Loweruka tikapereka iweyo."

Lachinayi

Tsiku lonse ndili pambuyo pa nkhuku, kamtengo m'manja. Ikaima ndiima. Ikachita chimbudzi ndiwerama, nditokosa.

Komwe tafika: kuseri kwa bafa, kumunda wa mbatata, pansi pa nkhokwe ya aneba, kubafanso.

Zomwe ndapeza: mkanda umodzi wofiira.

Mayi a Joyi, aneba athu, andipeza nditagwada. "Ndiye za ku yunivesite zija zimenezi?" Ndawayankha kuti ndi kafukufuku. Apita kumjigo akuseka, ndiye kuti pofika madzulo mudzi wonse wamva.

Nkhukuyo ndaithirira mafuta ophikira m'madeya kuti zinthu ziyende msanga. Yadya zonse, yakaikira dzira. Dziralo ndaliswa. Sindikudziwa kuti ndimayembekezera chiyani. Ndalikazinga.

Amalume aseka mpaka kutsokomola. Akuti chitsulo chotere sichituluka, chimakhala mu nthutumba pamodzi ndi timiyala mpaka tsiku lomwe nkhukuyo idzakumane ndi mpeni. Izinso ankazidziwa kuyambira m'mawa.

Ndapempha amayi kuti tigule thadzi lina loyera. Akuti azakhali a alamu analiona kale ili, mpaka anayamikira nthenga yakuda ili kumchira. "Ukufuna azitinena kuti timaonetsa china, n'kupereka china?"

Agnesi akusita diresi. "Achimwene, injini ija bwanji?" Ndati ili bwino, kangotsala kanthu kamodzi kakang'ono. Si bodza.

Lachisanu

M'mawamawa kabaza, kenako minibasi, ulendo ku Namadzi. Wokonza njinga zamoto kumsika wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Jeti ya boti? Bwana, nyanja mwaiona pati kuno?" Komabe wakhuthula chitini cha tizitsulo, wandisankhira ya njinga yamoto. Kabowo kake n'kochepa, ndipo poimanga mazinga ake akungolowa theka. Ndati ikwana. Iyenera kukwana!

Gasiketi ndadula pa katoni ya sopo. Ndamanga zonse pamwamba pa tebulo, chitseko chotseka, nkhuku zili kunja.

Chingwe kamodzi, kawiri, yalira! Ndiwonjezere moto, osazima! Madzi a mumgolo athovokera amayi amene akuphika thobwa, koma m'malo mokalipa aimba nthungululu. Agnesi walumphalumpha. Ndani ananena kuti achinyamata sitingasinthe dziko?

Amalume amvetsera atapendeketsa mutu. Angoti, "Mgolo sunyamula anthu." Kenako ndawaona akutsikira kumtsinje ndi mtolo wokulunga m'chiguduli. Akuluakulu ndi choncho, chatsopano chilichonse amachikayikira.

Loweruka

Tayi pakhosi. Popita kutsidya tili awiri, ine ndi amalume, boti likuuluka! Ana akuthamanga m'mphepete kutikuwira. Ndikubayibitsa ngati phungu.

Kutsidya: anthu asanu ndi anayi, madengu awiri, alamu a Pitala mu suti, ndi nkhoswe yawo, bambo wamtali wa jekete, atakumbatira tambala. Onse alowa. Boti latsika mpaka madzi kutsala pang'ono kufika pamlomo. Tanyamuka, azimayi ayamba nyimbo.

Pakati penipeni, pomwe madzi akukoka mwamphamvu, ndiwonjezere moto.

Bwu. Bwu. Zii.

Nyimbo yathera m'kamwa. Koka chingwe, koka, tayi yandikola. Madzi akutitengera kumabango. Tambala wasankha nthawi yomweyo kulira.

Amalume avundukula chiguduli chija. Nkhafi zinayi! Osati imodzi, zinayi! Imodzi andiponyera ine, ina alamu, ina agwira okha. Yotsalayo nkhoswe ya alamu yaitenga yokha: yapatsira mayi wina tambala, yavula jekete, yayamba kupalasa ngati yabadwira m'boti. Nawonso anali msodzi ku Chilwa! Awiriwo akupalasa akufunsana za madoko ndi anzawo akale, ine ndi alamu tikungozunguza madzi. Azimayi ayambiranso nyimbo, koma tsopano muli dzina langa ndi mawu akuti bwu bwu zii.

Takocheza kumunsi, m'munda wa mizimbe wa eni. Akuchimuna alowa m'mudzi nsapato zili m'manja, matope mpaka m'mawondo, akuimbabe. Agnesi wandipotokola khutu, kenako wandipatsa chikho cha thobwa. Akuti chinkhoswe chake sichidzaiwalika.

Nthawi yosinthana nkhuku. Amalume anyamula thadzi ndi manja awiri, nkhope ili ndwii. "Landirani. Koma mudziwe kuti muli katundu wa mphwanga m'katimu. Tsiku lomwe mudzaidye, musadzatafune mothamanga." Anthu agwa nazo. Alamu aseka mpaka misozi. Inenso ndaseka, nanga n'kutani?

Lamulungu

Injini yabwerera kuseri kwa nandolo. Ndaifunditsa ndekha.

Alamu aimba foni titachoka kutchalitchi. Ndafunsa mwaulemu kuti thadzi lija aphika liti. Akuti amayi awo alikonda, laikira kale dzira m'mawa uno, sangaphe nkhuku yotere. Aliweta liswe. "Mwina pakatha zaka ziwiri, alamu. Nthutumba tidzakusungirani."

Dzulo madzulo amalume anawabweza akuchimuna onse pa nkhafi, thadzi lili kutsogolo kwa boti. Ndiye pa injini yonse ija, jeti yokha ndi imene yawoloka mtsinje bwinobwino pamodzi ndi alendo, popanda ngakhale dontho la petulo.

Dongosolo latsopano:
1. Mawa sikisi koloko kumtsinje. Amalume akuti andiphunzitsa kugwira nkhafi, poti dzulo ndimaigwira ngati khasu.
2. Nthawi ino ndiziyamba ndawafunsa.

M'manja muli matuza. Tambala watsopano uja wakwera pakhonde, akuyang'anitsitsa masikuluwu awiri omwe anatsala pomanga. Ndawaika m'botolo, ndatseka.